Funsani, Tikuyankheni: Kadontho ka pa Galafu ndi Mzere Wake m'Tebulo

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga omwe amasonkhanitsa manambala pa ntchito zawo, kumunda, m'kalasi ndi kuchipatala, ndipo onse akukhudza nkhani imodzi, ya momwe galafu ndi tebulo zimayendera limodzi m'mapulogalamu a pa kompyuta ndi pa foni.

Akonzi, ndine mlangizi wa zaulimi ndipo ndimayendera midzi ya kumbali ya Domwe, m'boma la Angónia. Alimi otsogolera a m'midzi ingapo ali ndi zoyezera mvula, ndipo m'mawa uliwonse amalemba m'kope mvula yomwe yagwa, kenako amatumiza manambalawo pa foni kudzera pa fomu ya KoboToolbox. Ndikatsitsa manambalawo n'kupanga galafu mu Excel, ndikuona zinthu ziwiri zondizunguza mutu. M'mudzi wina kadontho kamodzi ka mu Januwale kakwera mpaka mamilimita 125, pamene midzi yoyandikana nawo sinafike ndi 20 yomwe pa tsiku lomwelo. Komanso masiku ena mzere wa galafu ukugwera pa ziro, chonsecho m'tebulo muli nambala. Mnzanga wandiuza kuti ndingofufuta kadontho kokwerako kuti lipoti lioneke bwino. Kodi nditero? — Mlangizi wa zaulimi, Domwe

Alangizi, musafufute kadonthoko. Kadontho kalikonse ka pa galafu kali ndi mzere wake m'tebulo, mzerewo uli ndi tsamba lake m'kope la mlimi, ndipo musanakhudze nambala iliyonse muyenera kulondola njira imeneyi chobwerera, kuchoka pa kadontho mpaka kukafika pa kope.

Tiyambe ndi kulumikizana kwa galafu ndi tebulo, chifukwa mapulogalamu sachita mofanana pa nkhani imeneyi. Manambala amasungidwa pamalo amodzi, ndipo tebulo ndi galafu zimangoonetsa manambala omwewo m'njira ziwiri, monga anthu awiri osuzumira m'nkhokwe imodzi, wina pa kakhomo, wina atakwera pamwamba. Kulumikizana koyamba, komwe pafupifupi pulogalamu iliyonse ili nako, ndi kwakuti mukasintha nambala m'tebulo galafu imasinthanso nthawi yomweyo. Kwachiwiri ndi kwa zosankhidwa: mukadina kadontho pa galafu, mzere wake m'tebulo umasintha mtundu, ndipo mukasankha mizere ingapo m'tebulo, timadontho take timawala pa galafu iliyonse yomwe mwatsegula, ngakhale pa mapu. Akatswiri a ziwerengero Richard Becker ndi William Cleveland a ku Bell Laboratories ku America anafotokoza njira imeneyi mu 1987, ndipo masiku ano imapezeka m'mapulogalamu monga CODAP ndi Logger Pro. Excel ili ndi kulumikizana koyamba kuja, koma kwachiwiri ili nako pang'ono chabe. Mukaimika mausi pa kadontho mumaona nambala yake ndi tsiku lake, ndipo mukadina mzere wa galafu pulogalamuyi imazunguliza malire amtundu pa madanga omwe galafuyo ikuwerenga, koma mzere weniweni wa kadonthoko mumaufunafuna nokha pogwiritsa ntchito tsikulo ndi dzina la mudzi.

Mukaupeza mzere wa mamilimita 125, chinthu choyamba kuchikayikira ndi kalembedwe ka nambala. Kuno ku Mozambique, potsatira Chipwitikizi, timalemba 12,5 ndi mpatuliro, pamene abale athu a kutsidya kwa malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, amalemba 12.5 ndi mpumiro potsatira Chingerezi. Poti mafoni ndi makompyuta a kwathu kuno amagulidwa mbali zonse ziwiri za malire, ena amabwera atatcheredwa m'Chipwitikizi pamene ena ali m'Chingerezi, ndipo nambala imodzi imatha kudutsa m'zipangizo ziwiri zosamvana isanafike pa galafu yanu. Kompyuta yotcheredwa m'Chingerezi ikalandira 12,5 imachita nayo mosiyanasiyana malinga ndi pulogalamu ndi njira yomwe fayilo yatsegulidwira: ina imaitenga ngati mawu wamba, ina imaidula pawiri n'kuika 12 m'danga lina ndi 5 m'danga lotsatira, ndipo ina imataya mpatulirowo n'kuwerenga 125. Mlimi nayenso, podina ndi chala chachikulu pa foni yaing'ono m'mawa kukuzizira, akhoza kulumpha chizindikirocho osazindikira. Ngati m'kope mwalembedwa 12,5, nkhani yathera pomwepo.

Ngati m'kope mulinso 125, yang'anani mizere ya pamwamba pa mzere wokayikitsawo. Nthawi zambiri mudzapeza kuti masiku awiri kapena atatu a m'mbuyo mwake mulibe chilichonse, chifukwa mlimi anali kumaliro kapena anapita kumsika ku Ulongwe, ndipo atabwerako anawerenga madzi onse omwe anaunjikana m'choyezeramo n'kuwalemba pa tsiku limodzi. Nambala yotereyi ndi yoona mukamawonkhetsa mvula ya mwezi wonse, koma ndi yabodza mukaitenga ngati mvula ya tsiku limodzi, choncho iyenera kukhalabe m'tebulo ndi mawu ofotokoza kuti ikuimira masiku angapo. Galafu payokha sikanakuuzani zimenezi. Zimaoneka pokhapokha mutatsegula tebulo n'kuona mizere yoyandikana.

Pomaliza, n'zotheka ndithu kuti mvulayo inagwadi. Mvula ya mabingu ya m'dzinja imatha kukhuthukira mudzi umodzi n'kusiya mudzi wa kuseri kwa phiri uli gwa, ndipo amene anali m'chigawo chino cha Tete mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anadzaza mitsinje mpaka mlatho wa pa mtsinje wa Revubwe unagumuka, sangatsutse nambala chifukwa chongoti ndi yaikulu. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, kotero mamilimita 125 pa tsiku limodzi ndi mvula yomwe imagumula mizere ya m'munda ndi kudzaza madambo, ndipo mudzi wonse umaikumbukira. Mufunseni mlimiyo ndi anansi ake, ndipo muonenso ngati choyezera chakecho chimatha kusunga madzi ochuluka chomwecho chisanasefukire. Ikapezeka kuti ndi yoona, imeneyo ndiye nambala yofunika kwambiri m'lipoti lanu lonse, chifukwa ndiyo idzafotokoze chifukwa chomwe feteleza anakokolokera m'mudzimo ndi chifukwa chomwe nyemba zinavundira.

Pokonza, malangizo anga ndi akuti nambala yoyamba musailembe pamwamba. Tsegulani danga lina pambali pake la nambala yokonzedwa, ndi linanso la chifukwa chokonzera ndi tsiku lomwe mwakonzera, kenako galafu iziwerenga danga lokonzedwalo. Mu KoboToolbox momwemo muli njira yoikira chizindikiro pa fomu iliyonse yomwe yatumizidwa, chosonyeza kuti yavomerezedwa, yakanidwa kapena yayamba yaimitsidwa, ndipo fomu yokayikitsa ndi bwino kuiimitsa mpaka mutaona kope. Wokonza fomu angathenso kuika malire pa funso la mvula kuti foni ikane nambala yopitirira muyeso, koma malirewo asakhale otsika, kuopa kuti angatsekereze mvula yeniyeni pa tsiku lomwe ikufunikitsitsa kulembedwa.

Funso lanu lachiwiri gwero lake n'lomwelo la mpatuliro ndi mpumiro. Excel ikaona nambala yomwe yaitenga ngati mawu, imaijambula pa galafu ngati ziro, ndipo powonkhetsa imangoilumpha osakuchenjezani, kotero mvula ya mwezi imatuluka yochepa kuposa yomwe inagwa. Kuti muzindikire, kulitsani danga la manambala n'kuliyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi: ngati simunasinthe kaimidwe kake, nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi pamene mawu amatsamira kumanzere. Nambala iliyonse yotsamira kumanzere ndi yomwe ikugwetsa galafu yanu, ndipo mukasintha chizindikiro chake kuti chigwirizane ndi momwe kompyuta yanu inatcheredwera, kadontho kake kadzakwera pamalo pake inu mukuona. Masiku nawonso ali ndi msampha wofanana, pakuti 03/02 kwa ife ndi pa 3 Febuluwale pamene kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka imawerenga kuti ndi pa 2 Malichi, ndipo tsiku ngati 25/01 imalephereratu kulimva n'kulisiya ngati mawu. Kulemba chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2024-02-03, kumachotsa chisokonezo chimenechi.

Mugwirizanenso ndi alimi anu za kusiyana kwa ziro ndi kabokosi kopanda kanthu. Tsiku lomwe mlimi wayang'ana n'kupeza kuti mvula sinagwe alembe 0, ndipo tsiku lomwe sanayang'ane asiye posalemba, chifukwa mukasakaniza ziwirizi galafu idzakuonetsani ng'amba yomwe sinachitike. Ndingawonjezere kuti mvula ya tsiku ndi tsiku imaoneka bwino pa galafu ya timizati kusiyana ndi ya mzere, popeza mzere wolumikiza Lolemba ndi Lachinayi umapereka chithunzi chakuti mvula inkagwa pang'onopang'ono masiku a pakatipo. Galafu ya mzere muisungire mvula yowonkhetsa kuyambira pa chiyambi cha dzinja.

Akonzi, ndimaphunzitsa sayansi pa sukulu ina ya sekondale ku Ulongwe. Tili ndi kachipangizo koyezera kutentha kolumikiza ku kompyuta, ndipo timagwiritsa ntchito pulogalamu ya Logger Pro. Ophunzira anatereka madzi pa moto kwa mphindi 10, ndipo galafu inakwera kenako inagona chopingasa. Nditawauza kuti apeze kutentha komwe madzi amawira, gulu lina linapeza madigiri 71 ndipo lina linapeza pafupifupi 96, chonsecho fayilo ndi imodzi. Palibe gulu lomwe linapeza 100 monga buku limanenera. Komanso pakati pa galafu pali kamzere kotsika mwadzidzidzi n'kukweranso. Kodi kachipangizoka kawonongeka? — Mphunzitsi wa sayansi, Ulongwe

Aphunzitsi, zonse zomwe mwafotokoza zikusonyeza kachipangizo kabwinobwino, ndipo muli ndi phunziro labwino kuposa lomwe munakonzekera. Mu Logger Pro, mukadina batani la ziwerengero musanasankhe chilichonse, pulogalamu imawerengera avereji ya manambala onse, kuyambira pomwe madzi anali ozizira mpaka pomwe anawira. Mukakoka mausi pa gawo lina la galafu, gawolo limasintha mtundu, mizere yake m'tebulo imasinthanso mtundu, ndipo avereji imawerengeredwa pa mizere yokhayo. Gulu la madigiri 71 linatenga ulendo wonse wa madzi, pamene gulu la madigiri 96 linasankha gawo logona lokha, ndipo ndi limeneli lomwe linayankha funso lanu. Pulogalamu sinalakwitse kwa gulu lililonse, inangoyankha mafunso awiri osiyana. Pa galafu pamaoneka tizizindikiro tiwiri tosonyeza pomwe gawo losankhidwa layambira ndi pomwe lathera, ndipo tikhoza kukokedwa. Auzeni ophunzira atikoke pang'onopang'ono akuyang'ana momwe avereji ikusinthira.

Pamenepa ndi pomwe tebulo limagwira ntchito yomwe maso sangathe pa galafu. Ngati kachipangizo kankawerenga kamodzi pa masekondi awiri aliwonse, mphindi 10 zapereka mizere pafupifupi 300, ndipo pa sikirini yaing'ono n'kovuta kuona pomwe kukwera kwathera ndi pomwe kugona kwayambira. Wophunzira akasankha gawo logona n'kuyang'ana mizere yomwe yasintha mtundu m'tebulo, adzaona yekha ngati mizere yoyambirira ikadali pa 91, 93, 94, zomwe zikutanthauza kuti wayamba kusankha msanga madzi asanawire. Ine ndimaona kuti ndi chizolowezi chabwino kuti wophunzira aliyense polemba avereji azilembanso kuti waitenga kuyambira sekondi iti kufika sekondi iti, chifukwa avereji yosanena gawo lake palibe yemwe angaitsimikize.

Za madigiri 100, buku silinanama, koma linalembera munthu wokhala m'mbali mwa nyanja yamchere. Madzi amawira pa madigiri 100 pamene mpweya ukupanikiza ndi mphamvu yomwe uli nayo pa mulingo wa nyanja, ndipo munthu akamakwera kumtunda mpweya umapepuka, kotero kutentha kowira madzi kumatsika ndi pafupifupi digiri imodzi pa mamita 300 aliwonse. Dera la Angónia lili pamwamba kupitirira mamita 1000, choncho madigiri 95 kapena 96 ndi omwe ayenera kutuluka kwanuko. Mphunzitsi mnzanu wa mumzinda wa Tete, m'chigwa cha Zambezi, akachita zomwezo adzapeza nambala yoyandikira kwambiri 100, ndipo mukatumizirana mafayilo n'kuika mizere iwiriyo pa galafu imodzi, ophunzira adzaona kusiyana kwa mapiri ndi chigwa m'manambala omwe ayeza okha. Kutsika kwa kutentha kowira kumeneku n'kumene kumachititsa kuti nyemba zizichedwako kupsa kumapiri.

Kamzere kotsika mwadzidzidzi kaja kasankheni pa galafu n'kuwerenga nthawi yake m'tebulo, kenako funsani ophunzira zomwe zinachitika pa mphindi imeneyo. Kawirikawiri wina amakhala kuti anatukula kachipangizo kuti atakase madzi kapena kuti aone ngati kakugwira ntchito, ndipo kwa masekondi angapo kanayeza mpweya m'malo mwa madzi. Manambala amenewo sayenera kulowa m'avereji, komabe sayenera kutayidwa. Logger Pro ili ndi lamulo lotchedwa "Strike Through Data Cells", lomwe limakhwatcha mizere yosankhidwa: manambala amaonekabe m'tebulo ali ndi kamzere pakati, koma amachoka pa galafu ndi m'mawerengero, ndipo mukhoza kuwabwezeretsa nthawi iliyonse. Njira imeneyi ndiyo yoyenera kuphunzitsa ana, chifukwa aliyense wotsegula fayilo amaona zomwe zachotsedwa ndipo angafunse chifukwa chake. Mwana yemwe wazolowera kufufuta nambala yosamusangalatsa ali kusekondale adzachita zomwezo akadzagwira mabuku a chipatala kapena a kampani.

Poti mwaona magulu awiri akukangana pa avereji, auzeninso nkhani ya katswiri wa ziwerengero Francis Anscombe, yemwe mu 1973 anakonza magulu anayi a manambala, lililonse la timadontho 11. Magulu onsewo ali ndi avereji yofanana, 9 kumbali imodzi ndi 7,5 kumbali inayo, ndipo mzere wowongoka womwe kompyuta imawerengera pa gulu lililonse ndi womwewo. Koma akajambulidwa, gulu loyamba ndi timadontho tomwazikana m'mbali mwa mzere, lachiwiri ndi lokhota ngati uta, lachitatu ndi mzere wowongoka wokhala ndi kadontho kamodzi kosochera, ndipo lachinayi ndi timadontho tounjikana pa mzere umodzi woimirira kupatula kamodzi kokhala patali. Ndi manambala ochepa oti ophunzira akhoza kuwalemba okha m'tebulo n'kuona magalafu anayi akutuluka osafanana. Zomwezo zidzawathandiza sabata yomwe mudzayeze madzi akuzizira, chifukwa galafu ya kuzizira imatsika mofulumira poyamba kenako pang'onopang'ono madzi akamayandikira kutentha kwa m'chipinda, ndipo pulogalamu idzakujambulirani mzere wowongoka pa galafu yokhotayo mukailamula, osakuuzani kuti mzerewo sukuyenera.

Akonzi, ndimagwira ntchito yolemba ziwerengero pa chipatala china chaching'ono m'boma la Moatize. Ndikalowetsa manambala a mwezi, monga a odwala malungo, galafu sisintha tsiku lomwelo. Komanso tsiku lina ndinakonza nambala mu Excel koma galafu ya m'lipoti lomwe ndinalemba mu Word inakhalabe ndi nambala yakale, ndipo pa msonkhano manambala anga anasemphana. Kodi kulumikizana komwe anthu amanena kuli kuti? — Mlembi wa ziwerengero, Moatize

Mayi kapena Bambo, pakuti simunadzitchule, kulumikizana kulipo, koma sikuti kulikonse kumachitika nthawi yomweyo. Ngati mukulowetsa manambala mu SIS-MA, pulogalamu ya boma yosonkhanitsira ziwerengero za zaumoyo, dziwani kuti pulogalamu imeneyi inamangidwa pa DHIS2, yomwe inakonzedwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo imagwiritsidwa ntchito ndi maunduna a zaumoyo m'mayiko ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Mu DHIS2 magalafu ndi matebulo a chidule sawerenga mwachindunji zomwe mwangolowetsa, koma amawerenga matebulo ena omwe kompyuta yaikulu imawonkhetsa pa nthawi yoikika, kawirikawiri usiku. Nambala yomwe mwalowetsa masana imaoneka pa fomu yolowetsera nthawi yomweyo, koma pa galafu imatha kudikira mpaka mawa. Musailowetsenso kachiwiri poganiza kuti yatayika. Tsegulani fomu muone ngati ilipo, ndipo galafu muione tsiku lotsatira. Ikatuluka, gwiritsani ntchito mwayi womwe pulogalamuyi imapereka wosandutsa galafu kukhala tebulo popanda kusintha zomwe mwasankha, kuti mutsimikize kuti mwezi, chipatala ndi matenda zomwe galafu ikuonetsa ndi zomwezo zomwe inu mukuganiza.

Za Word, zimatengera momwe galafuyo inamatidwira. Ikamatidwa ngati chithunzi, imakhala yaduka ku tebulo lake ndipo sidzasinthanso. Ikamatidwa molumikizidwa ku fayilo ya Excel, imatha kusintha, koma pokhapokha fayiloyo ikadali pamalo pomwe inali ndi dzina lomwelo. Mukaisamutsira pa fulashi kapena mukaitumiza pa WhatsApp, Word sidziwanso kokaipeza. Kwa lipoti lopita kumsonkhano ine ndingasankhe chithunzi, koma chomatidwa pamapeto penipeni manambala onse atatsimikizidwa, ndipo pansi pake palembedwe tsiku lomwe manambalawo anatengedwa.

Mu Excel momwemo muli malo atatu pomwe galafu imatsalira m'mbuyo mwakachetechete. Mukawonjezera mizere pansi pa tebulo, galafu yomwe inauzidwa kuwerenga mpaka mzere wa 40 siona mzere wa 41, pokhapokha manambalawo mutawasandutsa tebulo lodziwika ndi pulogalamu, lomwe limakula lokha ndi galafu yake yomwe. Galafu yochokera ku tebulo la chidule, lomwe m'Chipwitikizi limatchedwa "tabela dinâmica", imadikira kuti mudine "Atualizar" isanaonetse zatsopano. Ndipo mukasefa tebulo kuti muone mudzi umodzi, mizere yobisikayo imachokanso pa galafu, zomwe n'zothandiza pofufuza koma n'zoopsa mukaiwala kuchotsa sefayo, chifukwa mudzasindikiza galafu ya mudzi umodzi ili ndi mutu wa dera lonse. Musanasindikize, yang'anani manambala a mizere kumanzere kwa sikirini: ngati akulumpha, monga kuchoka pa 12 kufika pa 30, pali mizere yobisika.

Akonzi, ndine wophunzira wa zaulimi ndipo ndikufuna kuyerekeza zokolola za mbatata ya kachewere m'minda ya ku Tsangano, poona feteleza yemwe anathiridwa ndi tsiku lobzala. Ndilibe ndalama zogulira pulogalamu, ndipo intaneti kumudzi imavuta. Ndigwiritse ntchito chiyani? — Wophunzira, Tsangano

Mwanawe, pa ntchito yakoyo ndalama sizikufunika. Posonkhanitsa manambala kumunda, KoboCollect kapena ODK Collect zimagwira ntchito pa foni ya Android popanda intaneti ukangotsitsa fomu, ndipo zimasunga zomwe walemba mpaka utafika pomwe pali netiweki. Popanga tebulo ndi galafu pa kompyuta yopanda intaneti, LibreOffice Calc ndi yaulere, ndipo potsegula fayilo ya CSV (tebulo losungidwa ngati mawu wamba) imakufunsa chizindikiro chomwe chikulekanitsa madanga ndi chilankhulo cha manambala, zomwe zimapewetsa vuto la mpatuliro lomwe tafotokozera alangizi a ku Domwe.

Koma pa funso lako lenileni, loyerekeza minda, ndikulimbikitsa kuti tsiku lomwe uli pa intaneti yabwino utsegule CODAP, pulogalamu yaulere ya bungwe la Concord Consortium la ku America, yomwe imatsegulidwa pa intaneti popanda kuiika m'kompyuta. Ukakokera fayilo yako ya CSV mmenemo imasanduka tebulo, ndipo galafu umaipanga pokoka mutu wa danga n'kuuponya kumbali ya galafu. Panga magalafu awiri, ina ya feteleza ndi zokolola, ina ya tsiku lobzala, kenako zunguliza ndi mausi timadontho ta minda yomwe inathiridwa feteleza wambiri koma n'kukolola zochepa. Minda yomweyo idzawala pa galafu inayo ndi m'tebulo, ndipo udzaona pomwepo ngati ndi yomwe inabzalidwa mochedwa kapena ngati yonse ili m'mudzi umodzi. Samala ndi malamulo awiri omwe amaoneka ofanana mu pulogalamuyi: kubisa timadontho pa galafu kumakhudza galafu yokhayo, pamene kuika mizere pambali m'tebulo kumaichotsa m'magalafu onse ndi m'mawerengero mpaka utaibwezeretsa.

Zonsezi zidzatheka pokhapokha tebulo lako litakonzedwa bwino kuyambira kumunda. Munda uliwonse ukhale ndi mzere umodzi ndi nambala yakeyake yoti ungaipezenso m'kope, danga lililonse likhale ndi chinthu chimodzi, ndipo muyeso ulembedwe pa mutu wa danga, osati m'kabokosi, chifukwa ukalemba "40 kg" kompyuta idzaitenga ngati mawu. Alimi adzakuyankha m'matumba ndi m'zidebe, ndipo matumba a kachewere sakhala ofanana kukula, makamaka aja osokerera chisoti pamwamba, choncho yeza angapo pa sikelo, ulembe chiwerengero cha matumba m'danga lina ndi makilogalamu m'danga linanso. Kukula kwa munda ukuyezenso, popeza zokolola za minda yosiyana kukula sizingaikidwe pa galafu imodzi usanazigawe ndi mahekitala, ndipo mayina a alimi uwasunge m'kope lako lokha, asalowe m'fayilo yomwe ukaike pa intaneti.